Nyumba zoopsa za Halloween: zonse ziziopsa mofanana kapena zisiyanesiyane?

Nachisale: Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa amene munapitako. Ana andikakamira kuti Okutobala uno tipite ku Halloween ya kumapaki, mwina Thorpe Park poti kuchokera kuno ku Reading ku England ndi pafupi, kapena Alton Towers ngakhale kuli kotalikirako. Wamkulu ali ndi zaka 16, akufuna nyumba zoopsa zenizeni. Wamng'ono ali ndi zaka 13, pakamwa ndi ngwazi koma magetsi akangothima mumupeza ali kuchipinda kwanga. Nyumba zoopsazi, zimene amati ma maze, zambiri kuno amalipiritsa pazokha pamwamba pa tikiti yolowera, ndiye sindikufuna kutaya ndalama. Paki yabwino ndi iti, imene nyumba zake zonse ndi zoopsa kwambiri kapena imene imasakaniza?

Ganizani: Anti, musavutike. Nyumba yoopsa ntchito yake ndi kuopseza, basi. Mukalipira ndalama n'kutuluka mukuseka, akuberani. Ine chaka chatha ndinapita kupaki ina, dzina sinditchula, ndinaima pamzere ola lathunthu ndi theka, kulowa m'kati ndikupeza zidole zoyimba ndi tinthabwala. Zinali zii. Ndinatuluka mtima uli m'malo ngati ndachokera ku Tesco.

Nankhoma: Iwe Ganizani, nyumba imodzi yakukwiyitsa ndiye zonse zikhale zong'amba mtima? Ine ndili kuno ku Orlando, Halloween Horror Nights ya kupaki ya Universal ndapitako zaka zingapo motsatizana. Kuno nyumba zimakhala 10 usiku umodzi. Tayerekeza zonse 10 zili mdima, magazi ndi munthu wothamangitsa anthu ndi makina ochekera mitengo. Ukamafika pa yachinayi sudzidzimukanso. Umangoyenda ngati uli mumsika wa Limbe, wina akakuwira kukhutu iwe n'kumangoti pepani ndidutse.

Ganizani: Achemwali, ndiye kuti inu munazolowera. Ife tikadali ndi mantha athu.

Nankhoma: Kuzolowerako n'kumene ndikunena. Sizitenga zaka, zimatenga ola limodzi.

A Mbewe: Pepani ana anga, ine ndili kuno ku Dedza ndikungowerenga. Mukutanthauza kuti munthu amatulutsa ndalama zake m'thumba kuti anthu ena amuopseze? Kuno mantha ndi aulere, tangoyendani usiku pafupi ndi manda.

Nachisale: Kkkk madala, ndi momwemo. Amamanga tinjira tokhotakhota m'nyumba, amaikamo utsi, magetsi ophethira ndi anthu ovala zigoba. Inu mumangoyenda kuchoka khomo lina kukatulukira lina.

A Mbewe: Nanga mumatulukamo ndi chiyani?

Ganizani: Ndi mawu osasa, madala.

Yamikani: Ndiloleni ndilowererepo, poti ntchito imeneyi ndinaigwirako nyengo ziwiri ndili pasukulu. Inali ganyu ya mwezi umodzi papaki ina kuno ku England. Ndinkavala chigoba n'kubisala kuseri kwa khoma. Zimene a Nankhoma akunena ndi zimene ankatiuza tsiku loyamba lophunzira ntchito. Kudzidzimutsa munthu n'kosavuta, ngakhale mwana amatha: kubisala kuseri kwa chitseko n'kukuwa. Koma kumagwira kawiri kapena katatu, kenako thupi la munthu limaphunzira. Akangodziwa kuti pakona iliyonse patuluka chinthu, amayamba kuchidikira, ndipo chimene wachidikira sichikuopsanso. Chakudza sichiyimba ng'oma, koma ife tikamatuluka pakona iliyonse ndiye kuti ng'omayo tikuyimba tokha.

Ndiye m'nyumba imodzi momwemo amasakaniza dala. Chipinda china mulibe munthu, muli kamphepo kozizira ndi kaphokoso kakutali, kuti mtima uzigunda wokha. China muli zidole zisanu zoimirira, chimodzi mwa izo ndi munthu weniweni. China amakukokerani maso kumanzere ndi chinthu chowala, ine n'kutulukira kumanja. Ndinkaona ndi maso anga kuti anthu ochokera m'chipinda chachete ankakuwa kwambiri akafika pa ine kuposa ochokera m'chipinda cha phokoso.

Ganizani: Chabwino aise, koma zimenezo ndi za m'kati mwa nyumba imodzi. Ine ndikudandaula za nyumba yonse yathunthu yongoseketsa.

Yamikani: Usiku wonse uli ngati nyumba imodzi yaikulu. Nyumba yoseketsayo ndiye chipinda chachete chija.

Nankhoma: Eya! Ndipereke chitsanzo cha 2024 kuno. Pa nyumba 10 zija, zinayi zinali zochokera m'mafilimu, zisanu ndi imodzi zinali nkhani zopeka okha a Universal. Ya Insidious inali yoopsa zedi, ine ndinatulukamo miyendo ili lendelende. Ya Ghostbusters inali yosangalatsa, anthu ankatuluka akumwetulira. Ya A Quiet Place inkasewera ndi kukhala chete, mpaka ena mwa ochita zisudzo ankalankhula ndi manja. Ina inali fakitale ya maswiti, mitundu yowala ponseponse koma zochitikamo zonyansa. Ine ndinalowa ya Ghostbusters kenako n'kulowa ya Insidious, ndipo ndikukhulupirira kuti inandipweteka kwambiri chifukwa ndinali nditamasuka. Mnzanga wa kuntchito amene anayamba ndi zoopsa zokhazokha anafika pa imeneyo atatopa kale, akuti inali bwinobwino chabe.

Bambo a Tiya: Moni kuchokera ku California. Ndikuwerenga ndikuseka. Achemwali a ku Orlando musaiwale kuti mwambowu unayambira kuno kwathu. A paki ya Knott's Berry Farm ku Buena Park anayamba Halloween yawo mu 1973, Universal ku Florida anabwera mu 1991, ndipo chaka chimenecho anali ndi nyumba imodzi yokha, masiku atatu okha, dzina lake linali Fright Nights. Ndiye funso la a Nachisale kalelo kunalibe. Nyumba ikakhala imodzi imangoyenera kuopsa. Funsoli labwera chifukwa nyumba zachuluka ndipo masiku afika 48 monga zinalili ku Orlando mu 2024, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti. Kuti udzaze paki masiku 48, sungadalire a Ganizani okha. Ukufunika ndi anthu amene abwera chifukwa amakonda filimu inayake, achinyamata amene abwera ndi zibwenzi, ndi amayi ngati a Nachisale amene akokedwa ndi ana.

Ganizani: Ndiye mwavomereza, ankolo. Ndi bizinesi. Amachepetsa mantha kuti agulitse matikiti.

Bambo a Tiya: Bizinesi inde, sindikana. Koma bizinesi yomweyo ndi imene imalipira zinthu zimene umakondazo. Makoma aja, zigoba zija, anthu mazanamazana olembedwa ntchito, sizitsika kumwamba.

Nachisale: Mwandisokoneza tsopano, ine ndimafunsa za kuno ku UK inu mwandifikitsa ku America.

Yamikani: Pepani amayi, tibwerere. Pali kusiyana kumodzi kwakukulu kumene muyenera kudziwa. Ku Universal anthu amalowa mondondozana, mzere sudukiza, ngati nyerere. Ochita zisudzo sakhudza munthu. Kuno ku UK nthawi zambiri amalowetsa timagulu ting'onoting'ono, mwina anthu asanu ndi atatu kapena khumi, kenako amadikira pang'ono asanalowetse ena. M'ma maze ena amakuuzani kuti mugwirane mapewa, ndipo m'ena ochita zisudzo amaloledwa kukukhudzani. Ndiye nyumba ya kuno yooneka yosauka ikhoza kukuopsani kuposa ya ku America yokongola ngati filimu. Ku Alton Towers kunali maze yotchedwa Sub Species, inayamba mu 2015, imene ankakulekanitsani ndi anzanu n'kutsala nokha mumdima. Imeneyo mwana wa zaka 13 ayi ndithu.

Nankhoma: Pamenepo Yami wanena zoona, ndipo ndi pamene kuno timaluza. Mzere wosadukizawo umadya mantha. Munthu wobisala uja akatuluka kwa anthu atatu amene ali patsogolo pako, iwe waona kale pamene ali. Akamabwerera kukabisala ndi pamene iwe ukudutsa. Ukhoza kuyenda nyumba yonse, mphindi zinayi kapena zisanu, osadzidzimutsidwa ngakhale kamodzi, pamene amene ali kumbuyo kwako akukuwa mpaka kugwa. N'chifukwa chake kuno amalimbikira kukongoletsa ndi kusiyanitsa nkhani. Akudziwa kuti sangalonjeze mantha kwa munthu aliyense, koma angalonjeze kuti uona zinthu khumi zosiyana.

Ganizani: Apo ndiye mwandipatsa mfundo. Ndiye kuti kusiyanitsako ndi chophimbira kulephera.

Nankhoma: Mbali ina inde. Koma ngakhale atakulowetsa wekha m'nyumba zonse khumi, ukanatopabe zikanakhala zofanana.

Yamikani: Ndiwonjezere kanthu kamene anthu sadziwa. Ankatiletsa kuopseza munthu kuchokera kutsogolo kwenikweni. Ukatero amabwerera m'mbuyo, amaponda anzake, mzere umaima. Ankati tizitulukira m'mbali kapena kumbuyo kuti mantha amukankhire kutsogolo. Ndiponso sitinkalimbana ndi woyamba pagulu, chifukwa woyamba nthawi zambiri amakhala wodzitama ngati Ganizani. Tinkadikira wapakati, amene wabisa nkhope pamsana pa mnzake akuganiza kuti watetezeka. Ndiye amayi, mwana wanu wamng'ono musamuike pakati poganiza kuti mukumuteteza.

Nachisale: Mayo ine, ndiye ndimuike pati?

Yamikani: Patsogolo, inu kumbuyo kwake. Woyamba amaona njira bwino.

Ganizani: Wodzitama ndi ndani aise? Ine ndimakhala kutsogolo chifukwa ndine wamtali.

A Mbewe: Ndamvetsera bwino. Zimene mukukanganazi makolo athu anazidziwa kale. Pabwalo sipatuluka zilombo zoopsa zokhazokha. Akatuluka Kang'wing'wi ana amabalalika, amayi amathawira m'nyumba. Koma pamabweranso Simoni ndi nkhope yake yofiira, anthu n'kumaseka, pamabwera Maliya akuvina mwaulemu. Bwalo likanakhala la Kang'wing'wi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anthu akanangokhala m'nyumba osabweranso.

Mai a Dalitso: Madala, ndi ulemu wonse, Gule Wamkulu tisamuike m'mbale imodzi ndi zamasewera za azungu. Uja ndi mwambo, uli ndi maliro, uli ndi chinamwali, uli ndi malamulo ake. Izi ndi zogulitsa matikiti.

A Mbewe: Mwanena bwino mayi, ndipo ine ndine womaliza kuzifananiza. Ndimangonena za mtima wa munthu woonera, kuti sungaukoke mbali imodzi tsiku lonse. Za kudambwe tizisiye pomwepo.

Mai a Dalitso: Zikomo madala. Ine ndinene poyera kuti Halloween sindiikonda, kwathu sitichita nawo, ndipo kutchalitchi kwathu ambiri amaiona ngati yosayenera. Sindikuweruza a Nachisale, ana okulira kuno ali ndi dziko lawo. Koma funso langa ndi lina. Mukamafuna zoopsa kwambiri, malire ake ali pati? Chifukwa ine ndimagwira ntchito ndi anthu odwala matenda a maganizo kuno ku Leicester, ndipo ndikukumbukira nkhani ya 2013 pamene anthu anadandaula kwambiri ndi maze ya ku Thorpe Park yotchedwa The Asylum, kuti inkaonetsa odwala otere ngati zigawenga zothamangitsa anthu. Anthu masauzande anasaina chikalata chodandaula. Anthu amene ndimawasamalira ine si zilombo.

Bambo a Tiya: Kunonso zinachitika. Mu 2016 a Knott's anatseka chinthu china chotchedwa FearVR patangopita masiku ochepa chitsegulidwe, pa chifukwa chomwecho. Ndiye amene amati zingoopsa basi aziganiziranso kuti njira yachidule yoopsezera nthawi zambiri imadutsa pamsana pa anthu enieni.

Ganizani: Apo sinditsutsa, mayi. Ine ndimafuna mizukwa ndi zilombo, osati kunyoza odwala.

Nankhoma: Ndipo kusiyanitsa nkhani kumathandiza pamenepa. Paki ikamakakamizika kupeza nkhani zatsopano chaka ndi chaka, imasiya kubwereza chipatala cha amisala ndi ndende. Mu 2024 momwemo kunali nyumba yotchedwa Monstruos, ya zilombo za m'nthano za ku Latin America. Munali La Lechuza, mfiti yosanduka kadzidzi, ndi El Silbón, chimunthu chachitali choyimba mluzu chitasenza thumba la mafupa. Anzanga a ku Mexico ndi ku Venezuela ankanjenjemera pamzere tisanalowe n'komwe, chifukwa ndi nkhani zimene agogo awo ankawaopseza nazo. Ine kadzidzi yekhayo anandikwanira, mukudziwa kwathu akalira padenga.

Ganizani: Ndiye atipangire yathu. Mfiti yokwera fisi, ndege ya lichero, ndondocha kuseri kwa nkhokwe. Anamapopa pakhomo lotulukira. Azungu angakomoke.

A Mbewe: Fisi ndi lichero chabwino. Za anamapopa usaseke nazo mwana wanga. Mu 2017 anthu anaphedwa ku Mulanje ndi madera ozungulira chifukwa cha mphekesera imeneyo. Abale awo alipo.

Ganizani: Pepani madala, ndachotsa.

Nachisale: Ine ndili ndi nkhawa ina imene palibe watchula. Mdima, utsi, tinjira topapatiza, anthu odzaza. Moto utabuka?

Yamikani: Funso labwino, ndipo ndi chifukwa china chimene nyumba za m'mapaki sizingaopse mmene Ganizani akufunira. Pa 11 Meyi 1984 nyumba yotchedwa Haunted Castle ku Six Flags Great Adventure ku New Jersey inapsa, achinyamata asanu ndi atatu anafera momwemo. Munalibe mipopi yozimitsira moto ya kudenga. Kuchokera pamenepo malamulo a ku America okhudza nyumba zotere anakhwima. Kumene ndinkagwira ine, makomo otulukira mwadzidzidzi anali paliponse kuseri kwa nsalu, ndipo belu likalira magetsi onse ankayaka, phokoso n'kuzima, ife n'kuvula zigoba n'kuyamba kulondolera anthu njira. Tinkayeserera zimenezi tisanatsegule. Makina ochekera mitengo aja ndi enieni koma tcheni anachotsa, chimakuopsani ndi phokoso ndi fungo la petulo. Ndiye mdima weniweni wa bii, kapena kusochera kwenikweni, paki yaikulu singakupatseni kwa nthawi yaitali. Imakupatsani kachidutswa, kenako imasintha njira.

Bambo a Tiya: Komanso mantha sali m'nyumba mokha. Kuno ku Knott's chimene chimandigwetsa ine ndi anyamata a m'misewu ya m'paki, otchedwa ma slider. Amavala zotetezera mawondo ndi tizitsulo m'manja, amathamanga kuchokera mu utsi n'kutsetsereka pansi mpaka pamapazi pako, moto uli thethethe. Suli pamzere, suli m'nyumba, wangogula chakumwa ukuyenda. Ndinatayapo kapu yonse pamalaya. Mkazi wanga mpaka lero akafuna kundichepetsa pagulu amayamba nkhani imeneyo.

Nankhoma: Kkkk alamu, tidzaimva kwa iwo eni.

Bambo a Tiya: Ndiye kwa amantha amagulitsa mkanda wowala wovala m'khosi, wa No Boo, kuti a m'misewuwo akakuona akusiye. M'kati mwa nyumba sugwira ntchito.

Ganizani: Kulipira kuti ulowe kokaopsezedwa, kenako kulipiranso kuti asakuopseze. A Mbewe, mwamva?

A Mbewe: Ndamva. Ndikufuna ndidziwe amene anaganiza zimenezo, ameneyo safa ndi njala.

Mai a Dalitso: Koma a Nachisale, wamng'onoyo mwamufunsa yekha, mkulu wake palibe? Ana amavomera zinthu poopa kusekedwa.

Nachisale: Ayi, sindinamufunse payekha. Mwandikumbutsa.

Nankhoma: Mufunseni ndithu. Universal amalemba okha kuti usiku umenewu sakulimbikitsa ana osafika zaka 13, ndiye wanuyo ali pamalire penipeni. Kuno amene ali ndi ana aang'ono amapita kwa Disney, kuli phwando la Mickey's Not-So-Scary, maswiti ndi zovala basi. Orlando inagawana chonchi, paki ina yoopsa ina yofatsa. Kwanuko Alton Towers imayesa kuika zonse pamalo amodzi, masana za ana, ma maze kwa akuluakulu.

Yamikani: Ndipo kwa banja ngati lanu ndingasankhe komweko, amayi. Halloween yawo yotchedwa Scarefest inayamba mu 2007 ndipo ili ndi mwayi umodzi umene ena alibe: chinyumba chakale chenicheni, mabwinja aja a pakati pa paki, ndipo ma maze ena amachitikira m'kati mwake. Makoma amiyala ozizira aja amagwira theka la ntchito okha. Thorpe Park, imene Fright Nights yake inayamba mu 2002, imakoka kwambiri achinyamata, wamkulu wanuyo angasangalale koma wamng'ono alibe kothawira kwenikweni kukada. Werengani zaka zimene alemba pa maze iliyonse musanagule, zimasiyana ndipo zimasintha chaka ndi chaka. Gulani imodzi yofatsa ya nonse atatu, mulowe kukadali kowala. Mukatuluka muyang'aneni wamng'onoyo. Akakhala akuseka ndi kufotokoza mothamanga zimene waona, muonjezere ina. Akakhala chete, basi, mukakwere zokwerakwera.

Ganizani: Ndipo wamkuluyo mundipatse ine, ndimutengere ku yoopsa kwambiri. Kuchokera ku Manchester kupita ku Alton Towers si patali.

Nachisale: Ubweradi? Usandinamize, mwanayo ndimuuza lero.

Ganizani: Ndibwera anti. Koma tikalowe kaye yofatsayo tonse. Ndikufuna ndione ngati zimene akunena a Nankhoma zili zoona, kuti yoopsa imaluma kwambiri ukachokera koseka.

Nankhoma: Ukatuluka utitumizire voice note usanamwe madzi, timve mawuwo.

Yamikani: Ndipo ukakhale pakati pa gulu ulendo uno, utali wakowo usakhale chifukwa.

Nachisale: Ndamufunsa wamng'ono uja pompano, mkulu wake ali kubafa. Akuti maze imodzi alowa, bola ndimugwire dzanja ndipo ndisauze aliyense. Ndiye inu simunamve.